Musasanje mizere yopanda dzina la mwini wake

Akonzi,

Alembi ambiri a magulu a banki mkhonde ayamba kusunga kaundula wawo mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Excel. Ndipemphe malo kuti ndiwachenjeze za batani losanjira mizere la Sort, lomwe likhoza kupereka ndalama za membala mmodzi kwa mnzake popanda wina kuzindikira.

Gwero la vutoli ndi chizolowezi cha m'kope. Mlembi amalemba dzina la membala kamodzi, kenako pansi pake n'kundandalika ndalama zomwe wabweza sabata iliyonse, tibokosi ta dzina n'kutisiya topanda kanthu. Munthu akaona amadziwa kuti mizere isanuyo ndi ya membala mmodzi. Kompyuta sidziwa. Imatenga mzere uliwonse paokha, ndipo mukasanja motsatira kuchuluka kwa ndalama, mizere yopanda dzina imakagwera pansi pa anthu ena.

Mzere uliwonse ukhale ndi mwini wake. Ndi bwino kugwiritsa nambala ya membala kusiyana ndi dzina, chifukwa gulu limodzi likhoza kukhala ndi a Phiri atatu. Tiyerekeze kuti kolamu A ndi nambala, B dzina, C tsiku, D ndalama. Sankhani A ndi B kuyambira mzere wa membala woyamba mpaka mzere womaliza wa kaundula, dinani F5, kenako Special, kenako Blanks. Lembani chizindikiro cha =, dinani muvi woloza kumwamba, ndipo malizani ndi Ctrl+Enter. Kabokosi kalikonse kopanda kanthu katengera zomwe zili pamwamba pake. Musathere pamenepo ayi. Koperani makolamu awiriwo n'kuwamatanso pamalo pomwepo ndi Paste Special, Values. Mukapanda kutero, tibokosito tizingoyang'anabe kabokosi ka pamwamba, ndipo mukasanja pamwambapo pakhala munthu wina.

Musanasanje, onjezani kolamu E ya manambala 1, 2, 3 mpaka pansi. Ctrl+Z, yobweza zomwe mwangochita, imathandiza fayilo ikadali yotsegula, koma mukaisunga n'kuitseka, kolamu imeneyi ndiyo yokha ingabweze mizere mmene inalili.

Pa Data, Sort, chongani My data has headers kuti mitu isasakanikirane ndi mayina. Sanjani poyamba ndi A, dinani Add Level, n'kusankha C. Membala aliyense akhala ndi mizere yake pamodzi, motsatira masiku. Mukafuna kuti amene wabweza zambiri akhale pamwamba, lembani =SUMIF(A:A,A2,D:D) mu F2 n'kuikokera pansi. Mizere yonse ya munthu mmodzi ipeza chiwerengero chofanana. Sanjani ndi F kuchokera pa zazikulu, kenako A, kenako C. Musadumphe A, chifukwa mamembala awiri omwe abweza K50,000 aliyense akhoza kulowererana mizere.

Mukasankha kolamu imodzi yokha, Excel imafunsa ngati mukufuna Expand the selection kapena Continue with the current selection. Sankhani choyambacho. Chachiwiricho chimasuntha kolamu imodziyo, mayina n'kutsala pomwe anali, ndipo chiwerengero chonse cha pansi sichisintha n'komwe. N'chifukwa chake cholakwa chimenechi chimadzaululika mochedwa, tsiku logawana ndalama.

Mizere yopanda kanthu yomwe ena amasiya pakati pofuna kuti kaundula aoneke bwino ichotsedwe, chifukwa Excel imaona ngati kaundula wathera pomwepo ndipo zapansi sizisanjidwa. Tibokosi tolumikizidwa ndi Merge tilekanitseni, popeza pulogalamuyo imakana kusanja ngati sitikufanana kukula. Onaninso manambala okhala ndi kachizindikiro kobiriwira pakona. Amenewo kompyuta ikuwatenga ngati mawu, ndipo imawaika pansi pa manambala enieni mukasanja kuchokera pa zochepa, mwakuti membala nambala 12 akhoza kugawika pawiri. Asankheni, dinani kachenjezo koonekera pambali, n'kusankha Convert to Number.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa za kompyuta,
Zomba