Lipoti la ulendo wa ku Leeds: cottage pie, ana athu ndi nkhani ya firiza

Amayi a tcheya, alembi, amayi anzanga nonse ndi abambo amene muli m'gulu lathu kuno ku Nottingham, ndabwerako bwino ku Leeds kumene munandituma. Lipoti ndaliika pano kuti amene munali kushifiti tsiku lokumana muwerenge nokha, musamve za m'maluwa.

Malisiti a sitima ndi a basi ndapereka kwa amayi osunga chuma pamodzi ndi chenji chotsala. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zandipeza zoti ena akufunsa ngati kunali koyenera kutumiza munthu mpaka ku Leeds kukaphunzira kuphika mbatatesi. Werengani kaye zonse, muweruze pambuyo.

Unali msonkhano wa magulu ang'onoang'ono ophikira anthu m'madera mwawo: a m'matchalitchi, a m'mizikiti, a malo ogawira chakudya, ndi magulu a anthu ochokera kunja ngati ifeyo. M'mawa munali mawu otsegulira, kenako za inshulansi, kenako za kalembedwe ka fomu yopempha thandizo la ndalama. Pa za fomuzi mfundo ndi imodzi yomwe tikuidziwa kale: popanda akaunti ya kubanki ya dzina la gulu, palibe amene angatipatse kanthu. Analankhulanso za khadi la Healthy Start, logulira mkaka, zipatso, masamba ndi nyemba kwa amayi oyembekezera ndi a ana osakwana zaka 4. Ndinakweza mkono n'kunena kuti ambiri mwa ife tili pa viza ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, yosalola kulandira thandizo la boma. Yankho linali loti aliyense afunse payekha asanalembetse. Nanunso chitani choncho, musangodzaza fomu poti mnzanu wadzaza.

Masana anatigawa m'magulu, ine ndinasankha la kukhitchini. Wophunzitsa anali mayi wachikulire amene anaphika zaka zambiri pasukulu ya pulayimale, ndipo chakudya chimene anasankha ndi chomwe ana athu amadya kusukulu n'kumabwera akuchitchula kunyumba. Akaphikira nyama ya nkhosa amati shepherd's pie, akaphikira ya ng'ombe amati cottage pie, koma kaphikidwe n'kamodzi: pansi nyama yogaya ya msuzi, pamwamba mbatatesi yoponda, zonse n'kulowa mu uvuni. Dzina loti cottage pie linalembedwa kale mu 1791, m'buku limene m'busa wina wa ku Norfolk ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Chinali chakudya cha anthu osungira zinthu. Nyama yowotcha yotsala Lamlungu ankaiduladula n'kuiphimba ndi mbatatesi kuti ikwanire banja tsiku lotsatira. Ndinakondwa kumva zimenezi chifukwa pali ena pakati pathu amene amati zakudya zoterezi ndi zodzionetsera. Ichi chinabadwa m'nyumba zosowa, pofuna kuti nyama yochepa ifikire pakamwa pambiri.

Nayi miyeso ya banja la anthu anayi kapena asanu: nyama yogaya magalamu 500, anyezi mmodzi wamkulu, makaroti awiri, supuni yaikulu ya fulawa, masupuni awiri a tomato wa m'chubu uja, madzi osungunuliramo kakyubu ka msuzi ka Oxo mamililita 400, ndi mbatatesi kilogalamu imodzi, batala ndi mkaka pang'ono. Koma miyeso mukhoza kuipeza paliponse. Chimene ndinapindula ndi kuona manja a mayiyo, ndipo ndi chimene ndikufuna ndikufotokozereni bwino.

Nyama saithira yonse mupoto nthawi imodzi. Amatenthetsa poto kwambiri, kuthira theka, n'kuisiya osatakasa mpaka ifiire pansi, kenako kuichotsa n'kukazinga theka linalo. Mukaunjika yonse imatulutsa madzi, imangobwata n'kutuwa, ndipo kukoma kumathera pomwepo. Ngati mwagula minsi yamafuta ambiri, ya 20 peresenti ija yotchipa, tsanulani mafuta ena mukatha kukazinga, koma zofiira zomatirira pansi pa poto musazitaye, msuzi umachokera mmenemo. Mupoto momwemo akazinga anyezi ndi karoti zodula timagawo ting'onoting'ono mpaka zifewe, abwezeramo nyama, awaza fulawa n'kutakasa kwa mphindi imodzi kuti fungo la fulawa wosapsa lichoke, kenako tomato, madzi a Oxo, ndi madontho a Worcestershire sauce. Moto amachepetsa, zibwate pang'onopang'ono kwa mphindi 30 kapena 40. Chizindikiro choti zapsa anationetsa ndi mthiko: ukadutsitsa pansi pa poto, njira yake izikhala kanthawi isanatsekeke. Msuzi ukakhala wamadzi ngati wa ndiwo zodyera nsima, mbatatesi imamira. Ifeyo dzanja lathu linazolowera msuzi wambiri, apa tiyenera kuligwira.

Mbatatesi si iliyonse. Anati tizigula Maris Piper kapena King Edward, zofumbutuka zikapsa. Zing'onozing'ono za saladi zija sizipondeka bwino. Zikapsa amatsanula madzi onse n'kuzibwezera mupoto wopanda chivundikiro kuti nthunzi ituluke ziume, kenako ndi pomwe athira batala ndi mkaka wofunda, n'kuponda ndi chopondera chamanja. Anatiletsa kugwiritsa ntchito makina ogayira, akuti imananda ngati ulimbo. Mayi wina wa ku Bradford anatsutsa, ndiye anamupatsa kambale kuti ayese, ndipo tonse tinadzionera.

Poyala, nyama iyambe yazizirako m'mbale ya mu uvuni kuti igwirane. Mbatatesi amayamba kuika m'mbali mozungulira, kumata mphepete monse kuti msuzi usatumphukire kunja, n'kumalizira pakati. Kenako akanda pamwamba ndi foloko. Mizere ya folokoyo ndi imene imapsa n'kuchita nkhoko, ndipo ana amalimbirana pamenepo. Uvuni ukhale pa madigiri 200, kapena 180 ngati ndi wa fani, kwa mphindi 25 mpaka 30. Mukatulutsa dikirani mphindi 10 musanagawe. Tchizi pamwamba ndi kufuna kwanu.

Anatiphikitsanso ina yomwe theka la nyama analowetsa mphodza zofiira zimene timagula m'masitolo a amwenye. Zimasungunuka mumsuzi moti mwana sangazione. Msonkhano unagwirizana kuti magulu onse azilimbikitsa kaphikidwe kameneka pofuna kuchepetsa ndalama, ndipo ena amafuna kuti tizichotseratu nyama. Ine theka ndi theka ndikuvomereza, ndinalawa ndipo zinali bwino. Zochotseratu nyama ndinakana ndipo ndinanena pomwepo. Tikaitana anthu athu n'kuwapatsa mphodza zokhazokha pansi pa mbatatesi, mwezi wotsatira sabweranso.

Tsono chifukwa chenicheni chimene ndasangalalira ndi ichi. Chakudyachi chimaphikidwa lero n'kudyedwa mawa, ndipo chimalowa mufiriza chisanawotchedwe n'kukhala mpaka miyezi itatu. Taganizirani mayi amene akugwira shifiti ya maola 12, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 8 usiku, bambo nawo ali ku ya usiku. Ana akaweruka amapeza chiyani? Tonse tikudziwa: tchipisi cha pakona, Indomie, buledi. Nsima imafuna munthu aime pamoto nthawi yomweyo, ndipo si mwana aliyense wokulira kuno amene angaivundule. Koma mbale ya cottage pie yophikidwa tsiku la ofu, yosungunulidwa mufiriji usiku, mwana wa kusekondale akhoza kuilowetsa mu uvuni n'kudyetsa azing'ono ake chakudya chotentha, chokhala ndi nyama ndi masamba, chophikidwa ndi manja a mayi ake.

Ndikudziwa mawu amene abwere, chifukwa ananenedwa kale pa chikondwerero chathu cha 6 July chaka chatha, pamene mayi wina anabweretsa mbale ya pasta n'kusekedwa mpaka anabwerera nayo kunyumba osatsegula. Kunanenedwa kuti tikulera ana osadziwa kwawo. Mayiyo sanabwerenso kumisonkhano yathu, ndipo palibe anapita kukamuona. Zinandiwawa nthawi imeneyo ndipo zikundiwawabe. Ine sindikunena kuti tisiye nsima. Kwanga ufa sutha, ndipo ana anga amadya nsima ya usipa ndi chigwada tikachipeza. Koma mwana saiwala kwawo chifukwa wadya mbatatesi Lachitatu. Mbatatesi yomweyi anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu akulima, matumba ali mbwee pa Lizulu ndi pa Tsangano. Chimene chimamutaya mwana ndi kudya yekha pafoni tsiku ndi tsiku chifukwa kunyumba kulibe chophika. Amene amatsutsa kwambiri ndi amene ana awo anakula kale, kapena amene amapeza nsima ili patebulo osadziwa kuti yaphikidwa ndi munthu amene sanagone.

Gawo lomaliza linali la ukhondo wa chakudya, ndipo apa pali zotikhudza. Chakudya chotsala chizizizire n'kulowa mufiriji pasanathe maola awiri, chidyedwe pasanathe masiku awiri, ndipo chitenthetsedwe kamodzi kokha mpaka chitulutse nthunzi pakati penipeni. Firiji ikhale pa madigiri 5 kapena kutsika. Thireyi yaikulu imachedwa kuzizira pakati, ndiye ndi bwino kugawa m'mbale zing'onozing'ono. Ife mapoto a mpunga ndi nyama amakhala patebulo la muholo kuyambira masana mpaka usiku, kenako anthu n'kunyamula zotsala m'mabokosi. Mulungu watisunga, koma tisamuyese.

Palinso zinthu 14 zimene lamulo la kuno limati wopereka chakudya azidziwitsa anthu chifukwa ena matupi awo sagwirizana nazo. Mu cottage pie imodzi mukhoza kupezeka zingapo: mkaka, tirigu wa mufulawa, celery amene ena amathira ndipo amapezekanso m'timakyubu tina ta msuzi, komanso nsomba, chifukwa Worcestershire sauce ya Lea & Perrins ili ndi tinsomba totchedwa anchovies. Ambiri m'chipindamo sankadziwa za nsombazi. Kwa ife chowonjezera ndi nsinjiro, popeza mtedza uli pamndandanda womwewo ndipo timathira m'masamba osauza munthu, pamene ana athu amabwera ndi anzawo a kusukulu. Kakhadi kolemba pamanja patsogolo pa poto aliyense n'kokwanira. Anapemphanso kuti gulu lililonse likhale ndi munthu wa satifiketi ya ukhondo wa chakudya ya Level 2, yomwe imaphunziridwa pa intaneti. Amene mumagwira m'nyumba zosamalira okalamba ambiri muli nayo kale, tangodzionetsani kwa alembi.

Pa nyama, ndikupempha kuti tikamaphikira gulu tizigula ya halaal m'mabutchala a ku Hyson Green, kuti alongo athu achisilamu azidya nafe mbale imodzi m'malo momangotola mpunga ndi kabichi monga zakhala zikuchitikira.

Zonsezi zikufuna firiza, ndipo ndafika pa nkhani imene ena safuna kuimva. Tinavota kuti tigule firiza ya gulu, tinasonkha, ndipo mwini holo anatilola kuika m'kachipinda ka kuseri. Mpaka lero kulibe. Tikafunsa timauzidwa kuti ndalama zina zinathandiza pa maliro, ndipo palibe amene akukana kuthandiza pa maliro, tonse tidzafuna kunyamulidwa kupita kumudzi. Koma thumba la maliro lilipo palokha, ndipo ngati linabwereka ku thumba la firiza, zilembedwe, tiuzidwe kuti zibwezedwa liti. Sindikuloza munthu chala. Ndikungoti amayi amene anasonkha ndalama ya maola awo a ovataimu ali ndi ufulu woona buku. N'zodabwitsa kuti tikiti yanga ya sitima yafunsidwa kangapo pamene firiza yathunthu palibe akuifunsa.

Chimodzimodzi ndandanda ya ophika. Mayina alipo ambiri papepala, koma kukhitchini kumapezeka nkhope zomwezomwezo, ndipo potsuka mapoto abambo amakhala atayamba kale kukambirana za mpira ndi ndale panja. Ku Leeds gulu langa linali ndi abambo atatu, mmodzi wa ku Sudan, ndipo ndi amene anasenda mbatatesi yonse. Kusenda makilogalamu 10 sikufuna luso, kumafuna manja.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Loweruka loyamba la mwezi wamawa tikumane muholo, aliyense abwere ndi mbale yake ya mu uvuni ndi ndalama ya nyama, tiphike limodzi, aliyense abwerere ndi mbale ziwiri, ina yodya ina yosunga. Achinyamata a zaka 13 kupita m'mwamba abwere, atsikana ndi anyamata omwe, aphunzire ndi kuyatsa uvuni komwe. Ine ndiphunzitsa, ndipo mapepala amene anatipatsa ndawajambula, ndiwatumiza pa WhatsApp madzulo ano. Amene firiji zanu zili ndi malo mutiuze, musungireko anzanu okhala m'nyumba zogawana mpaka firiza itapezeka. Alembi, chonde nkhani ya firiza ndi buku la ndalama zikhale zoyamba pamndandanda wa zokambirana, osati kumapeto pamene anthu ayamba kuthamangira basi. Ndipo ndikufuna amayi awiri oti tipite limodzi kwa mayi anabweretsa pasta uja tsikulo lisanafike, tikamupepese ndi kumuitana.