Kalata ya Abusa: Masindiki a ku Geneva ndi Funso la Chisankho cha Makhansala

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse pamodzi ndi mabanja anu.

Chisankho cha makhansala chikamayandikira, funso limodzi silichedwa kufika kwa abusa. Ena mwa inu mwandifunsa pamaso, ena mwadzera mwa akulu a mpingo: kodi mpingo sungaloze munthu mmodzi n'kunena kuti uyu ndiye wathu? Ena mwawonjezera kuti ngakhale John Calvin, kholo lathu m'chikhulupiriro, ankalamulira mzinda wa Geneva, umene lero uli m'dziko la Switzerland. Mawu otsirizawa ndiwo andilembetsa kalata yaitali chonchi. Calvin sanakhalepo meya wa Geneva ngakhale tsiku limodzi, ndipo mbiri yeniyeni ya olamulira mzinda umenewo ili ndi zambiri zotiphunzitsa kuposa mphekesera imeneyi.

Geneva wa masiku amenewo unali mzinda waung'ono wozunguliridwa ndi linga, pamalo pamene mtsinje wa Rhône umatulukira m'nyanja. Anthu ake anali oposa pang'ono 10,000. Mwini mzinda kalelo anali bishopu. Koma mu 1387 Bishopu Adhémar Fabri anatsimikizira polemba ufulu wa nzika za mzindawo, ndipo mwa ufuluwo munali wakuti chaka chilichonse amuna okhala ndi unzika azisonkhana n'kusankha akuluakulu anayi otchedwa masindiki. Amenewa ndiwo anali mameya a Geneva. Ankakhala anayi nthawi imodzi, kwa chaka chimodzi chokha, ndipo wotsika pampando ankadikira zaka zingapo asanabwererepo. Aliyense ankanyamula ndodo yosonyeza udindo wake. Pamodzi nawo panali khonsolo yaing'ono ya anthu 25 imene inkayendetsa mzinda tsiku ndi tsiku, khonsolo ina ya anthu 60, ndi ina ya anthu 200 imene inakhazikitsidwa mzindawo utapangana ubale ndi mizinda ya Bern ndi Fribourg mu 1526.

Dziwani kuti kukonzanso mpingo ku Geneva sikunayambitsidwe ndi Calvin. Bishopu Pierre de la Baume anachoka mumzindawo mu 1533 ndipo sanabwererenso. Mu 1535 khonsolo inaimitsa misa, ndipo chaka chomwecho inaphatikiza zipatala zing'onozing'ono kukhala chipatala chimodzi chachikulu chosamalira odwala, ana amasiye ndi osauka. Pa 21 May 1536 msonkhano wa nzika zonse unakweza manja kuvomereza kuti mzinda uzikhala motsata Uthenga Wabwino, ndipo tsiku lomwelo unagwirizana zokhazikitsa sukulu imene ana a osauka aziphunzira osalipira. Zonsezi zinachitika Calvin asanaponde ku Geneva. Iye anafika patapita miyezi yochepa, ali wapaulendo wofuna kugona usiku umodzi popita ku mzinda wa Strasbourg, ndipo mlaliki Guillaume Farel ndiye anamukakamiza kukhala. Mlembi wa khonsolo polemba za iye koyamba sanatchule n'komwe dzina lake, anangoti Mfalansa uja.

Mfalansa ujayo anali wantchito wolipidwa ndi khonsolo, wopanda voti, ndipo khonsolo imene inamulemba ntchito ndiyo inamuchotsanso. Pa chisankho cha February 1538 anapambana masindiki osagwirizana ndi Farel ndi Calvin. Nkhani imene inaphulitsa mkangano mungaione yaing'ono: khonsolo inalamula kuti mpingo utsate miyambo ya ku Bern, monga kugwiritsa ntchito mkate wopanda chotupitsa pa Mgonero. Abusawo anaona kuti funso lenileni si la mkate koma lakuti ndani ali ndi mawu pa gome la Ambuye. Pa Lamulungu la Pasaka analalikira koma anakana kugawa Mgonero, ndipo sabata lomwelo anauzidwa kuti atuluke mumzinda pasanathe masiku atatu. Calvin anakakhala zaka zitatu ku Strasbourg akuweta mpingo wa Afalansa othawa kwawo.

Zinthu zitasintha m'khonsolo, akuluakulu a mzinda womwewo anatuma amithenga kukamupempha kuti abwerere, ndipo anafika pa 13 September 1541. Malamulo a mpingo amene analemba anayenera kudutsa m'manja mwa makhonsolo asanavomerezedwe mu November chaka chimenecho, ndipo sanatuluke monga analowera. Calvin ankafuna kuti Mgonero uzichitika pafupipafupi, koma khonsolo inati kanayi pa chaka. Mukamva kuti mipingo yambiri ya chiphunzitso chathu imadya Mgonero kanayi pa chaka, kumbukirani kuti chiwerengerocho chinachokera kwa makhansala, osati kwa m'busa. Ngakhale bwalo la mpingo limene linkakumana Lachinayi lililonse kumva nkhani za mabanja, ndewu, ngongole ndi kuledzera linali losakanikirana ndi boma: akulu ake 12 ankatengedwa m'makhonsolo atatu aja, ndipo pampando pankakhala mmodzi wa masindiki.

Munthu amene ndikufuna mumuganizire ndi Ami Perrin. Poyamba anali wa mbali ya Farel ndi Calvin, ndipo anali mwa amene anayesetsa kuti Calvin abwerere. Koma bwalo la mpingo litayamba kuitana anthu a banja lake, makamaka pa nkhani ya kuvina pa ukwati wina mu 1546, ubwenzi unatha. Perrin ndi anzake sanali anthu oipa okhaokha monga mmene mabuku ena akale amawajambulira. Anali ana a mzinda, amene makolo awo anavutika kuti achotse goli la bishopu ndi la mafumu a dziko loyandikana la Savoy, ndipo zinkawapweteka kuona alendo ochokera ku France akuchuluka, akulalikira pa maguwa awo ndi kuwauza mmene angakhalire. Mu 1553 Perrin anakhala sindiki wamkulu. Chaka chimenecho khonsolo inalola Philibert Berthelier, amene bwalo la mpingo linamuimitsa, kuti abwerere ku Mgonero. Calvin ananena pa guwa kuti sadzapereka mkate ndi chikho kwa woimitsidwa, ndipo ankayembekezera kuti achotsedwanso. Tsikulo Berthelier sanafike pa gome.

Chaka chomwecho ndicho chili ndi banga limene sitiyenera kulibisa. Michael Servetus, sing'anga wa ku Spain amene ankakana chiphunzitso cha Utatu Woyera, anagwidwa ku Geneva mu August, ndipo pa 27 October 1553 anatenthedwa wamoyo pamalo otchedwa Champel, kunja kwa mzinda. Amene anagamula mlanduwo ndi khonsolo yaing'ono, itafunsa maganizo a mizinda ya Zurich, Bern, Basel ndi Schaffhausen. Ena amagwira mfundo imeneyi kuti atsuke Calvin. Ine sindingatero. Iye ndiye anachititsa kuti Servetus amangidwe, ndiye anasonkhanitsa mfundo zomuzengera, ndipo anavomereza kuti aphedwe. Chimene anapempha n'chakuti amudule mutu m'malo momutentha, ndipo khonsolo inakana. Abusa ndi makhansala amene ankakangana pa zonse anagwirizana pa chinthu chimodzi chimenechi. Mu 1903 akhristu a chiphunzitso chathu anaimika mwala pafupi ndi malowo wovomereza kuti chimene chinachitika chinali cholakwa.

Mu February 1555 masindiki onse anayi anatuluka ku mbali ya Calvin. Khonsolo yatsopano inayamba kupereka unzika kwa Afalansa ambiri othawa kwawo, ndipo aliyense ankadziwa kumene mavoti awo adzapite. Usiku wa pa 16 May kunabuka chipolowe mumsewu, ndipo Perrin anagwira ndodo ya sindiki wina kufuna kumulanda. Opambanawo anati uku n'kuukira boma. Perrin anathawa, anzake ena anaphedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: amene ankapirikitsa anzawo anapirikitsidwa, ndipo nkhanza za opambana sizinachepe chifukwa chakuti anali okonda ulaliki.

Zabwino zinabweradi. Mu 1559 inatsegulidwa sukulu ya ukachenjede imene Theodore Beza anaitsogolera, yomangidwa ndi ndalama za mzinda ndi zopereka za anthu. John Knox, amene anaweta mpingo wa othawa kwawo olankhula Chingelezi ku Geneva, anabwerera ku Scotland chaka chomwecho atanyamula dongosolo la akulu a mpingo limene ife tinalandira. Ndi kumapeto kwa 1559 kumene Calvin anapatsidwa unzika, atatumikira mzindawo zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo anamwalira mu 1564 asanakhalepo pa mpando uliwonse wa khonsolo.

Kodi mzinda umene mbali ya mpingo inapambana unakhala paradaiso? Ayi. M'zaka zotsatira mipando ya khonsolo inagwera m'manja mwa mabanja ochepa olemera, amene ankasankhana okhaokha, onsewo opemphera bwino. Ana a alendo obadwira mumzinda momwemo ankakhoma msonkho koma analibe voti. Loya wina, Pierre Fatio, atatsogolera nzika zofuna kuti kuvota kuzichitika mwachinsinsi ndiponso kuti msonkhano wa nzika ubwezeredwe mphamvu zake, anawomberedwa mu 1707 molamulidwa ndi khonsolo. Dongosolo lakalelo linagwa mu 1792. France inalanda mzindawo mu 1798, ndipo mu 1815 Geneva inalowa m'chitaganya cha Switzerland. Khonsolo ya mzinda yosankhidwa ndi anthu, yosiyana ndi boma la dera lonse, inakhazikitsidwa mu 1842. Mu 1907 anthu a ku Geneva anavota kuti mpingo ndi boma zisiyane. Amayi anayamba kuvota m'dera limeneli mu 1960, ndipo mu 1968 Lise Girardin anakhala mayi woyamba kukhala meya wa mzindawo. Lero mzinda ukuyendetsedwa ndi anthu asanu osankhidwa, ndipo umeya amalandizana chaka ndi chaka, zimene zikukumbutsa masindiki aja.

Tsono ndibwerere ku funso lanu. Musapeputse udindo wa khansala. Chipatala cha osauka ndi sukulu ya ana ku Geneva zinabadwira m'misonkhano ya khonsolo, ndipo chisankho cha mwezi umodzi wa February chinkatha kusintha moyo wa mpingo wonse. Paulo potsiriza kalata yake kwa Aroma anapereka moni wa Erasto, msungichuma wa mzinda, monga mbale pakati pa abale. Yeremiya anauza akapolo ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene anali kukhalamo ndi kuupempherera. Choncho amene mwa inu ali ndi mtima woima nawo pa chisankho, imani, ndipo tonse tikavote.

Koma guwa lino silidzaloza munthu. Mpingo ukamangirira ngolo yake kwa wandale mmodzi, umagwa naye tsiku limene iye wagwa, monga mu 1538, ndipo akapambana umasenza nawo zolakwa zake, monga mu 1555. Komanso m'mipando yathu mumakhala otsatira mbali zosiyanasiyana, ndipo onsewa adzafika pa gome limodzi Mgonero ukubwerawu.

Akulu a mpingo atakambirana agwirizana izi. Mkhristu aliyense amene akuima adzapemphereredwa potchulidwa dzina, mosayang'ana chipani chake, koma sadzapatsidwa mpata wokopa anthu m'chipembedzo kapena m'misonkhano ya magulu a mpingo. Zovala ndi zizindikiro za zipani tizisiye kunyumba pobwera kutchalitchi. Mphatso iliyonse yochokera kwa woima pa chisankho m'nyengo ino idzayamba yafika kwa akulu a mpingo, ndipo ali ndi ufulu woibweza. Mkulu wa mpingo kapena dikoni amene akuima apume kaye pa ntchito yolalikira ndi yogawa thandizo kwa osowa mpaka zotsatira zitalengezedwa. Amene muli ndi mafunso pa mfundo zimenezi, kaonaneni ndi mkulu wa dera lanu, kapena mundipeze tikatha mapemphero a pakati pa sabata.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.