Maseva atatu m'nyumba imodzi si chitetezo

Mkonzi,

Ndalemba kalatayi chifukwa cha mawu amene ambirife tawamvapo titafola pamzere kwa maola, akuti "sisitimu yagwa, mubwerenso mawa." Kuwonongeka kwa kompyuta imodzi sikuyenera kuimitsa ntchito yonse, popeza njira yopewera zimenezi inadziwika kalekale.

Njirayo ndi kusunga deta yofanana pa maseva (makompyuta amene amasunga zolembedwa zonse za bungwe) angapo olumikizana, kuti imodzi ikazima, ena apitirize ntchito. Koma maseva awiri okha sakwanira, chifukwa waya wowalumikiza ukaduka, seva iliyonse imayesa kuti inzake yafa, ndipo iliyonse imayamba kulandira malipiro payokha mpaka mabuku awiriwo asiyane, kasitomala wina nkuoneka kuti ali ndi ndalama zimene anatapa kale. Ndiye chifukwa chake akatswiri amaika atatu kapena asanu, ndi lamulo loti chinthu chilembedwe pokhapokha ochuluka atavomereza, monga zimakhalira pa msonkhano wa komiti. Pa atatu, imodzi ikhoza kufa ntchito nkumayendabe. Pa asanu, angafe awiri. Leslie Lamport anafalitsa ndondomeko yotere yotchedwa Paxos mu 1998, ndipo mu 2014 Diego Ongaro ndi John Ousterhout a ku Stanford anatulutsa ina yosavuta kuimvetsa yotchedwa Raft.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi malo amene maseva amaikidwa. Mu Marichi 2021, moto unawononga nyumba ina ya maseva ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France, ndipo makasitomala ena anataya zinthu zawo kotheratu chifukwa makope awo osungira anali pamalo omwewo. Maseva atatu odya magetsi amodzi, odalira jenereta imodzi, pansi pa denga limodzi, amafera limodzi. Kwathu kuno, kumene magetsi amathimathima ndipo madzi osefukira sasowa, nkhaniyi siyofunika kuifotokoza motalika.

Tisaiwalenso kuti maseva okoperana amakopera ngakhale zolakwika. Wogwira ntchito akafufuta mabuku mwangozi, kufufutako kumafika pa maseva onse m'kanthawi kochepa, choncho pafunikabe kope lina la masiku apitawo losungidwa padera.

Ndikupempha atolankhani anu kuti bungwe likadzalengeza kuti lagula makina atsopano, adzafunse kuti seva yachiwiri ndi yachitatu zili mumzinda uti, komanso kuti anayesapo liti kuzimitsa dala yoyambayo kuti aone ngati zinazo zimalandiradi ntchito.

Ine wowerenga wanu,
Zomba