Masiwiti a pepaminti aja asatithere pa Khirisimasi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule za kanthu koti ena aziona ngati kachabechabe koma kwa ine nkakakulu, masiwiti a pepaminti aja, oyera a mizere yofiira, ena opindika kumutu ngati ndodo ya m'busa. Disembala ikangolowa ine mtima umathamangira komweko basi. Agogo anga aakazi, Mulungu awusitse mzimu wawo, ankatipatsa imodzi imodzi tsiku la Khirisimasi, imodzi yokhayo, nde umayenera kuisamala, kumangoyamwa pang'onopang'ono mpaka nsonga isongoke ngati singano, zala zonse nomatenomate, kenako ukakoka mpweya mkamwa monse zii ngati wamwa madzi a mufiriji. Mng'ono wanga ankatafuna yake kamodzin'kamodzi kenako nkumandiyang'ana ine ndi maso achisoni mpaka madzulo.

Kuzizira kujatu ndadzamva nditakula kuti mkamwa simuzizira zenizeni ayi. Mumafuta a pepaminti muli mankhwala otchedwa menthol, ndipo iyeyu amagunda timitsempha tomwe timamva kuzizira, ubongo nkukhulupirira kuti kwazizira. Chomera cha pepaminticho pachokha nchosakanizika, chinabadwa kuchokera ku mitundu iwiri ya minti, watermint ndi spearmint. Fungo lake ndi lamphamvu zedi, ukangotsegula kapepala munthu wakhala pambali pako wadziwa kale.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Chaka chatha ndinafuna kuwagulira ana anga kuti nawo alaweko zomwe ine ndinkalawa, ndazungulira ndazungulira, ndikupeza ndodo zake zomwezo koma zabuluu, zobiriwira, zina zokoma ngati sitiroberi zina ngati chingamu, shuga yekhayekha, kuzizira kuja kulibe ndi pang'ono pomwe. Anawo anakondwa ndithu, sindingawanamizire, koma ine ndinabwerera mtima uli pansi. Sindikudana ndi zatsopanozi, opanga akufuna malonda ndipo ana amakopeka ndi mitundu, koma bwanji zatsopano zikabwera zakale zizichoka pashelefu?

Masiwiti amenewa ali ndi mbiri yake anthuni. Ku Sweden, m'tauni ya Gränna, mayi wamasiye Amalia Eriksson anayamba kupanga timitengo ta pepaminti tofiira ndi toyera mu 1859 kuti adzithandize yekha ndi mwana wake, amatitcha polkagris, ndipo mpaka lero kumeneko akupangabe pamanja alendo akuonerera. Kapangidwe kake nkosangalatsa, amawiritsa shuga mpaka afike madigiri pafupifupi 150, akayamba kuzizirako amamukoka, kupinda, kukoka, kupindanso, ndiye timpweya tomwe timalowamo ndi tomwe timamuyeretsa mbee chonchija, osati penti ayi. Mizere yofiira ija amaimata pambali kenako nkupotokola zonse pamodzi zisanaume. Ukachedwa pang'ono zaphwanyika, ntchito yonse yapita.

Za kupindika kuja pali nthano yoti mu 1670 woyimbitsa kwaya wa ku tchalitchi chachikulu cha Cologne ku Germany anapinda timitengo ta shuga ngati ndodo za abusa nkupatsa ana kuti akhale chete mwambo uli mkati. Imeneyo ndi nthano chabe koma ine ndimaikonda, chifukwa agogo aja nawo ankadziwa kuti mwana ali ndi switi mkamwa sasokosa. Ku America, Bob McCormack wa ku Albany m'chigawo cha Georgia ankazipinda pamanja, zambiri nkumathyoka, mpaka mlamu wake Gregory Keller, yemwe anali wansembe wa Katolika, anapanga makina opindira m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira pamenepo zinachuluka nkufalikira konsekonse, mwina ndi momwe zinafikira mpaka m'manja mwa agogo anga.

Ena anena kuti shuga amawononga mano, nzoona, ine sindikuti ana azidya phukusi lonse. Ife tinkalandira imodzi pachaka ndipo ndi yomweyo ndikuikumbuka lero tsitsi litayamba imvi, pomwe zovala zomwe ndinavala tsikulo ndinaiwala kalekale. Fungo lija likangondipeza paliponse, olo m'mankhwala otsukira mano, ndimawaona agogo atakhala pampando akumasula kathumba kawo, ife tili pamzere manja tatambasula.

Nde pempho langa kwa opanga ndi ogulitsa ndi loti zamitundumitunduzo bweretsani, palibe vuto, koma siyaniko kamalo ka pepaminti weniweni, woyera ndi wofiira, wozizira mkamwa uja. Chaka chino ndayamba kusaka msanga, ndikufuna zinayi zokha, ana atatu ndi ine.

Ine wowerenga wanu wa tsiku ndi tsiku