Lipoti la maphunziro a kasankhidwe ka ma duct a AC ya m'nyumba

A Wapampando ndi amisiri anzathu nonse,

Munatituma ku maphunziro a ma AC a m'siling'i, aja otumiza mpweya m'zipinda kudzera m'ma duct, omwe ndi mapaipi odutsamo mpweya. Chachikulu chimene tabwera nacho n'choti duct sasankha ndi maso. Kukula kwake kumachokera pa kuchuluka kwa mpweya umene makina akukankha.

Pa 12,000 BTU iliyonse (BTU ndi muyeso wa mphamvu yoziziritsa ya makina) pamafunika mpweya wa malita pafupifupi 190 pa sekondi. Ndiye makina a 24,000 BTU akufuna malita 380. Mu duct yaikulu mpweya uziyenda mamita 4 pa sekondi, m'nthambi zopita m'zipinda mamita 3. Ukapitirira pamenepo mwininyumba sagona ndi phokoso. Pa makina amenewa, duct yaikulu ikhale 400 x 250 mm kapena yozungulira ya 350 mm. Nthambi ya 200 mm imanyamula malita pafupifupi 94, ya 150 mm malita 53 okha. Choncho nthambi zinayi za 200 mm zikukwana, koma zinayi za 150 mm zikutsamwitsa makina. Mpweya ukachepa, coil (timapaipi toziziritsa mpweya ta m'makina) imaundana ayezi, ayeziyo akasungunuka madzi n'kutsikira pa siling'i, ife n'kumaganiza kuti gasi watha.

Musanagule kanthu, werengani external static pressure, mphamvu imene makina amakankhira mpweya m'ma duct, yoyezedwa mu Pa, pa chikwangwani cha makina. Ena opyapyala amangokwanitsa 30 mpaka 50 Pa, sangakankhe mpweya mu duct yaitali yokhotakhota.

Pa zipangizo, maganizo athu ndi akuti duct yaikulu ikhale ya malata a galvanised. Mkati mwake ndi mosalala, imapukutika, ndipo khoswe saiboola. Mapanelo okhala kale ndi insulation (chokutira chotchinga kutentha) ndi opepuka ndipo amadulidwa ndi mpeni pamalo pomwepo, kungoti amatoboka msanga. Flexible duct, yofewa yopindika ija, ndi yotchipa, ndipo apa ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera. Ku maphunziroko anatiyalira ziwiri zofanana, ina yokokedwa bwino, ina yofwanyidwa ngati njoka yodzipinda. Dzanja lokha linkamva kusiyana kwa mpweya potulukira. Flexible duct igwiritsidwe ntchito pa mita imodzi kapena awiri omalizira ku grille (potulukira mpweya m'chipinda) basi. Ikokeni iwongoke, muzimangirira pa mamita 1.2 aliwonse ndi lamba wotambalala osachepera 38 mm, osati waya, chifukwa waya amaitsina. Pokhota pasakhale pothyoka.

Nkhani ya insulation tinakhalapo nthawi, ndipo ikutikhudza kwambiri ife ogwira ntchito ku Mangochi, Salima ndi ku Chigwa cha Shire. Pakati pa malata ndi siling'i mwezi wa Okutobala mumatentha ngati uvuni, ndipo dzinja likafika mumadzaza chinyezi. Duct yozizira yosakutidwa imachita thukuta, siling'i n'kuyamba mawanga ndi nguwi. Ikuteni ndi fibreglass ya 25 mm, pansi pa denga la malata 50 mm, foil ikhale kunja, ndipo polumikiza paliponse pamatidwe ndi tepi ya aluminium. Kabowo kakang'ono pa foil n'kokwanira kunyowetsa insulation yonse. Molumikizana malata a duct pakani mastic, phala lomatira mipata, musanakute. Tepi ya nsalu ija imamatuka ndi kutentha.

Chimene ambiri timaiwala ndi njira yobwerera mpweya. Chitseko chikatsekedwa popanda grille yobwezera kapena mpata kunsi kwake, mpweya wozizira sulowa mokwanira m'chipindamo. Return, njira yobwerera mpweya ku makinayo, isatenge mpweya m'khitchini kapena m'bafa, ndipo fyuluta ikhale poti munthu afika osakwera m'denga. Paipi ya madzi itsetsereke sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndipo pansi pa makina paikidwe thireyi yachiwiri yolandira madzi akadontha.

Pempho lathu pa msonkhano ukubwerawu ndi loti gulu ligule anemometer imodzi (yoyezera liwiro la mpweya) ndi manometer imodzi (yoyezera pressure) zobwerekana, kuti tisamapereke ntchito tisanayeze mpweya pa grille iliyonse. Tikupemphanso Loweruka limodzi loti tiwonetsane kawerengedwe kameneka pa pulani ya nyumba yeniyeni. Amene ali ndi pulani abwere nayo.

Ndife nthumwi zanu.