Lipoti la nthumwi: kuzindikira ntchentche yachilendo pa chithunzi

Kwa a tcheyamani ndi mamembala onse a gulu lathu la alimi kuno ku Angónia.

Munatituma ku msonkhano wa alimi ndi alangizi mumzinda wa Tete kuti tikafunse ngati ntchentche ija inajambulidwa pa khola la ng'ombe ili kashembe. Yankho ndi lakuti si kashembe. Ndi ntchentche yoluma ya m'khola, imene akatswiri amaitcha Stomoxys. Pa zithunzi zinayi zimene tinatenga, chimodzi chokha ndicho chinathandiza, chifukwa ndicho chinaonetsa mapiko bwinobwino.

Ziwirizi zimasokoneza anthu chifukwa zonse zili ndi mlomo woboolera woloza kutsogolo ngati singano. Kusiyana kuli pa mapiko. Kashembe akatera amasanjikiza mapiko, lina pamwamba pa linzake, ngati sizasi yotseka, ndipo mapikowo amapitirira kumapeto kwa mimba. Pakati pa phiko lake mitsempha imajambula kachipinda kooneka ngati nkhwangwa, chizindikiro chimene alangizi amayamba kufunafuna. Stomoxys imasiya mapiko otakasuka pang'ono ndipo msinkhu wake ndi wa ntchentche ya m'nyumba, pomwe kashembe amayambira mamilimita 6 mpaka 14. Nkhaniyi si yaing'ono. Kashembe, amene amakonda madera otentha a m'chigwa cha Zambezi, amafalitsa matenda a nagana kwa ng'ombe ndi a kaodzera kwa anthu. Stomoxys imaswana mu ndowe zosakanikirana ndi udzu wonyowa, choncho ntchito yathu ndi kupala khola kawirikawiri ndi kuunjika manyowa patali.

Tsono kajambulidwe. Ntchentche yamoyo sikhala phee, ndiye iikeni m'botolo, botololo mulisiye m'firiji kapena m'madzi ozizira kwambiri kwa mphindi zingapo mpaka ifooke. Igonekeni pa pepala loyera, rula pambali pake. Popanda rula palibe angadziwe ngati ndi ya mamilimita 2 kapena 12. Pafunika zithunzi zinayi: chakumsana, cham'mbali, chakumaso, ndi cha phiko limodzi lotambasulidwa. Muwerengenso mapiko. Ntchentche yeniyeni ili ndi awiri okha, kumbuyo kwake kuli timizati tiwiri tokhala ndi kamutu. Mukaona anayi, si ntchentche, mwina mwagwira njuchi kapena mavu.

Zithunzi zathu zitatu zija zinawonongeka ndi zinthu zopeweka. Foni ikayandikira kwambiri siona bwino, imagwira pepala n'kusiya ntchentche ili mbuu. Imani pa masentimita 10 mpaka 15, zigongono zitatsamira pa tebulo, ndipo mugunde pa sikirini pomwe pali phiko. Kukokera chithunzi ndi zala kumangokulitsa chimbuuzi. Galasi lokulitsa loikidwa kutsogolo kwa kamera ndilo limathandiza. Dzuwa la masana ndi kuwala kwa foni zimanyezimiritsa phiko, mitsempha n'kusowa, choncho jambulani pamthunzi. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati fayilo, chifukwa njira ya masiku onse imachepetsa chithunzi ndipo timitsempha timafufutika. Mulembe tsiku, mudzi, ndi pomwe munaipeza: pa ng'ombe, pa mango, kapena pa nyemba.

Za ntchentche za mango, panakambidwa Bactrocera dorsalis, yochokera ku Asia, imene inapezeka koyamba m'dziko muno la Mozambique ku Cuamba mu 2007. Mapiko ake ndi oonekera, ali ndi kamzere kakuda m'mphepete mwa kutsogolo, ndipo pamimba pali chizindikiro chakuda chonga chilembo T. Mitundu ya Ceratitis, ntchentche zinanso za zipatso, ili ndi mapiko amawangamawanga. Chithunzi cha mphutsi yokha sichikwanira. Ikani bango lovunda pa mchenga m'chidebe, muphimbe ndi nsalu yopyapyala. Mphutsi zimalowa mumchenga, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ntchentche zimatuluka. Muzipatse madzi a shuga masiku awiri kapena atatu kuti mitundu ya pathupi ikhwime, kenako mujambule.

Ife tikuona kuti chotikhudza kwambiri kuno kumtunda ndi kantchentche ka nyemba, Ophiomyia, kakuda konyezimira, ka mamilimita 2 okha. Apa foni imagonja. Zulani nyemba yofota, musende khungu la tsinde pafupi ndi nthaka, mujambule timphutsi touma khungu tomwe mupezemo. Takuda tonyezimira timaloza ku Ophiomyia spencerella, wokonda malo okwera ndi ozizira. Totuwira mwachikasu timaloza ku Ophiomyia phaseoli.

Alangizi anabwereza kangapo kuti ntchentche yojambulidwa isatayidwe, pakuti mitundu ina imasiyanitsidwa pa makina oonera tizinthu ting'onoting'ono basi. Isungidwe m'kabotolo ka mowa wa kuchipatala wa 70 peresenti, kapepala kolembedwa ndi pensulo kali mkati, chifukwa inki imasungunuka. Kachasu ayi, mphamvu yake sidziwika. M'jumbo ya pulasitiki imachita nkhungu.

Tikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu gulu livomereze kugula galasi lokulitsa limodzi, rula, ndi timabotolo 20, ndipo lisankhe munthu mmodzi woti azisunga zipangizozi ndi kutumiza zithunzi kwa mlangizi wa ku Ulónguè.