Anthu amve momwe kachilombo kamadumphira kuchoka kwa anyani kubwera kwa ife

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani yomwe imandiwawa mumtima ikangoyambika, yoti HIV inachokera kuti. Mpaka lero alipo amene amati kachilomboka kanapangidwa mu labu, ena nde amanyoza kuti anthu anagona ndi anyani, ndipo amayankhula motsimikiza ngati analipo. Zonsezi ndi zabodza, ndipo nkhani yeniyeniyo anthu akuyenera kuimva chifukwa zomwe zinachitikazo zitha kuchitikanso.

HIV ili ndi mitundu iwiri, HIV-1 ndi HIV-2. HIV-1 inachokera ku kachilombo kotchedwa SIV komwe kamakhala mwa achimpanzi a m'nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Cameroon. Gulu la asayansi la Beatrice Hahn linaonetsa ubale umenewu mu 1999, ndipo mu 2006 anautsimikiza poyeza ndowe za achimpanzi zotoledwa m'tchire momwemo. Asayansi ambiri amakhulupirira kuti njira yake inali magazi, mlenje wapha nyama akuisenda, mpeni wamucheka pachala kapena nyamayo inamuluma isanafe, magazi akumana. Kenako kachilomboka kanafika ku Kinshasa komwe kanayamba kufala cha m'ma 1920, sitima zapamadzi ndi zapanjanji nkumakanyamula, ndipo magazi akale kwambiri omwe anapezeka ndi HIV anatengedwa mumzinda womwewo mu 1959. HIV-2 ndi ina, inachokera kwa anyani otchedwa sooty mangabey a kumadzulo kwa Africa.

Koma funso lomwe ine limandigwira ndi ili: anthu akhala akusaka anyani kuyambira kalekale, nde bwanji mliri waukulu unabuka kamodzi kokha? HIV-1 inalowa mwa anthu kanayi, ulendo uliwonse nkukhala gulu lakelake, magulu M ndi N kuchokera kwa achimpanzi, O ndi P kwa agorila, koma ndi M yekha amene anazungulira dziko lonse, pomwe P anangopezeka mwa anthu awiri okha. Mbali ina ya yankho ili mkati mwa maselo, tinthu ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi lathu, mmene selo limasamalira mapuloteni ake, omwe ali ngati zida zake zogwirira ntchito.

Selo silisunga puloteni iliyonse mpaka kalekale ayi. Puloteni ikaonongeka kapena ntchito yake ikatha, selo limaimata kapuloteni kakang'ono kotchedwa ubiquitin, tingapo motsatizana ngati kaunyolo, ndipo puloteni yomatidwayo imakokeredwa ku proteasome, komwe ndi ngati chigayo cha mkati mwa selo, nkugayidwa kuti zidutswa zake zikagwire ntchito ina. Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chotulukira zimenezi. Nde tamverani zomwe HIV imachita. Maselo athu ali ndi puloteni yoteteza yotchedwa APOBEC3G yomwe imalowa mu tizilombo tatsopano nkukasokoneza malangizo ake a chibadwa kuti tisaberekane bwino. Kachilomboka kali ndi puloteni yake, Vif, yomwe imagwira APOBEC3G nkuchititsa kuti selo liimate ubiquitin, ndekuti selo likugaya lokha chitetezo chake, ndi chigayo chake chomwe. Zimenezi zimandichititsa mantha ndithu, komanso nkosatheka kusagoma nazo.

Palinso puloteni ina yoteteza, tetherin, yomwe ntchito yake inadziwika mu 2008. Iyi imamangirira tizilombo tatsopano pakhungu la selo kuti tisachoke kukalowa m'maselo ena. SIV ya achimpanzi imathana ndi tetherin pogwiritsa ntchito puloteni yotchedwa Nef, koma tetherin ya ife anthu ilibe kachidutswa kakang'ono, ma amino acid (tizidutswa tomwe timapanga puloteni) asanu okha, pamalo pomwe Nef amagwira, nde kachilomboka katalowa mwa munthu kanapeza kuti chida chake sichikugwira. Gulu M linasintha mpaka puloteni ina, Vpu, inayamba kuchotsa tetherin bwinobwino, pomwe magulu enawo sanafike pamenepo mofanana, ndipo asayansi ambiri amaona kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe M anafalira chonchi.

Ndekuti matupi athu amakana tizilombo ta anyani nthawi zambiri ife osadziwa nkomwe, koma kachilombo kamasintha msangamsanga ndipo nthawi iliyonse magazi a munthu akakumana ndi a nyani kamapeza mpata wina woyeseranso. Sizakale zokha izi. Mu 2004 ofufuza anapeza kachilombo kena ka anyani, simian foamy virus, mwa anthu a ku Cameroon omwe ankagwira nyama zam'tchire, mwamwayi sikanaoneke kuti kakuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Ku Mayibout m'dziko la Gabon mu 1996 Ebola inabuka anthu atatola chimpanzi chakufa m'nkhalango nkuchisenda. Ku Marburg ku Germany mu 1967 ogwira ntchito mu labu anadwala atagwira anyani ochokera ku Uganda, ndipo anthu 7 anamwalira pa mliri umenewo. Njirayi ndi ya uku ndi uku, chimfine chathu chomwechi chinapha achimpanzi ku Kibale ku Uganda mu 2013.

Sindikufuna wina atenge kalatayi nkuyamba kunyoza alenje, munthu amene akusaka kuti ana ake adye si chigawenga, ndipo mukamunyoza amangobisa zomwe waona m'tchire, pomwe iye ndi amene amayamba kuona anyani akufa okha. Chofunika nchakuti anthu oterewa auzidwe mwaulemu kuti nyama yopezeka itafa kale asaigwire olo pang'ono koma akanene kwa azaumoyo, amene akusenda nyama ali ndi bala padzanja asiye kaye, ndipo maboma aike ndalama zoti magazi a anthu okhala pafupi ndi nkhalango zimenezi aziyezedwa pafupipafupi, iwo eni atavomera, kuti kachilombo katsopano kazidziwika kasanafike mumzinda. Chonde akonzi, pezani dokotala kapena wasayansi wodziwa za tizilombo aziyankha mafunso a owerenga m'nyuzi yanuyi m'Chichewa chomveka, olo kamodzi pamwezi.

Wowerenga wanu